Chipinda cha ana mu holo yathu chikonzedwe, ndipo chikhalebe cha ana

Kwa a wapampando ndi mamembala a komiti yoyendetsa holo ya anthu onse, a khansala athu, komanso mafumu a dera lathu kuno ku Dedza,

Akuluakulu, landirani moni wanga nonse.

Tamva kuti mwagwirizana zochotsa zipangizo zakale zoseweretsa ana zimene zili m'chipinda cha kumbuyo kwa holo, n'kuikamo zatsopano. Pa ganizo limenelo ndikukuthokozani ndi mtima wonse. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhaniyi si ya ine ndekha, ndipo makolo ambiri amene tikudandaula nawo sakhala nawo pa misonkhano yanu. Nthawi imene inu mumakumana, iwo amakhala ali kumsika, kudimba kapena ku ganyu.

Ine ndine mlezi pa sukulu ya mkombaphala, ntchito yongodzipereka. Ana athu akaweruka, makamaka mvula ikamagwa, takhala tikupita nawo m'chipinda chimenecho, choncho ndikuchidziwa bwino. Chotsetserekapo chija lata lake linang'ambika m'mphepete, ndipo pong'ambikapo pali ndendende pamene mwana amagwira akamafika pansi. Katungwe unyolo wake unaduka, wina anangoulumikiza ndi waya. Matiresi amene anali pansi anatha, siponji inatuluka, ana amaibudula n'kumaika m'kamwa. Pakona ya kumpoto denga limadontha, madzi amayenderera mpaka pa miyendo ya makwerero, ndipo miyendoyo yadyeka ndi dzimbiri moti mukaigwedeza imalira. Mwana akachekedwa ndi chitsulo choterocho, kholo limayamba kuganiza za kafumbata. Palibe kholo limene likukana kuti zinthu zimenezi zichoke. Zichoke ndithu.

Nkhawa yanga yagona pa zimene zichitike zikachoka. Pa chitseko munamata chikalata chakuti chipindacho chatsekedwa kwa kanthawi, koma tsiku lotsegulira simunalembepo. Ndadutsapo posachedwa, ndasuzumira pa zenera, ndaona kuti mipando ya pulasitiki yobwereketsa pa maukwati yayamba kale kusanjidwa momwemo, pamodzi ndi matenti. Anthu akulankhulanso kuti ena akufuna chipindacho chigawidwe pawiri kuti mbali ina ikhale shopu ya lendi. Mwina ndi mphekesera chabe, koma ngati ndi choncho itsutseni poyera. Tonse taonapo m'maboma mwathu muno malo amene anatsekedwa kuti akonzedwe, kenaka anasanduka mosungiramo katundu, ndipo patapita zaka palibe amakumbukira kuti poyamba anali a chiyani. Chipinda chikangodzaza mipando, kuichotsa kumakhala kovuta, chifukwa mipando imabweretsa ndalama pomwe ana sabweretsa kanthu. Ndiye pempho langa loyamba ndi laling'ono: lembani pa chitsekopo tsiku limene ntchito iyambe ndi mwezi umene ana adzalowenso, ndipo mulembe m'maminitsi anu kuti chipinda chimenechi ndi cha ana, chonse, osati theka.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumati ana a ku Malawi kuno amasewera panja, ifenso tinakulira panja, nanga za m'nyumbazi zachokera kuti. Ndi zoona, tinakulira panja. Koma taganizirani kumene tikukhala. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kuposa matauni ena onse m'dziko muno, ndipo phiri lathu limafika mamita pafupifupi 2,200. M'mwezi wa Juni ndi Julaye nkhungu imatsika kuchokera kuphiri, mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Ana ambiri amene ndimalera amabwera opanda juzi, mapazi ali ming'alu, mamina ali chuchuchu. Mwana wotere simungamuuze kuti akasewere pa bwalo m'mawa wa Julaye. Chisanu chikatha timapuma pang'ono, kenaka dzinja lafika, kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Marichi ngakhale Epulo, mvula ya masana ndi ziphaliwali zake. Mukawerengera bwino, miyezi imene mwana wamng'ono angasewere panja tsiku lonse mosadandaulitsa kuno ndi yochepa.

Komanso panja pamene tinkasewerapo ife palibenso. Mabwalo aja anagawidwa mapuloti, pena anamangapo mipanda ya njerwa, pena analimapo kachewere. Kwatsala m'mphepete mwa msewu. Msewu wa M1 umadutsa pompano, mathiraki opita ndi kuchokera ku chipata cha Mozambique sasiya kuyenda, ndipo m'tinjira ta m'makomo mwadzaza njinga zamoto za kabaza. Mayi amene akugulitsa mbatata kapena kabichi kumsika kuyambira m'mawa alibe diso loti liziyang'ana mwana wa zaka zisanu mpaka dzuwa kulowa. Mwanayo akasowa kopita amathera m'tinyumba toonetsera mafilimu, mumdima, kuonera zinthu zimene si za msinkhu wake. Chipinda cha mu holo chija, ngakhale chinali chakutha, chinali malo amodzi pamene mayi ankadziwa kuti mwana wake ali pansi pa denga, pali munthu wamkulu, ndipo galimoto silingamupeze.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza, ndipo m'dziko lonse pafupifupi theka la anthu ndi ana osakwana zaka 18. Holo ya anthu onse imene ilibe malo a ana ndiye kuti yatsekera kunja theka la eni ake. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndipo gawo 31 la panganolo limanena za ufulu wa mwana wopuma ndi kusewera. Tilinso ndi lamulo lathu la 2010 losamalira ndi kuteteza ana. Sindikutchula zimenezi kuti ndikuopsezeni. Ndikufuna kuti pamene mukukambirana za ndalama, nkhani ya chipinda cha ana isaikidwe kumapeto ngati chinthu chongosangalatsa chimene chingadikire. Pa misonkhano ya maphunziro a ana aang'ono timamva akuluakulu akubwereza kuti mmera mpoyamba. Ife alezi timaona tanthauzo lake ndi maso. Panali kamtsikana kena kamene kankabwera kosalankhula, kakafika kankangogwira chitenje changa osasiya. Kanayamba kumasuka pa makwerero aja. Kankakwera sitepe imodzi n'kutsika, mawa ziwiri, mpaka tsiku lina kanafika pamwamba n'kuitana mnzake ndi dzina, mokweza. Pamzere wodikira kutsetsereka m'pamene ana amaphunzira kudikira nthawi yawo, kuwerenga, kukangana ndi kugwirizananso. Mwana amene wakwera, wagwira, wadumpha, dzanja lake silivutika kugwira pensulo akafika Sitandade 1.

Tsopano za zimene mukufuna kugula, ndipo apa ndichedwapo chifukwa m'pamene ndalama zingatayike.

Ndamva kuti mwaonetsedwa zithunzi za zipangizo za pulasitiki zochokera kunja, zamitundu yowala, zokhala ndi timipata tokwawamo ndi dziwe la timipira. Pa chithunzi n'zokongola, ndipo ana angazikonde sabata yoyamba. Funso langa ndi lakuti, chidutswa chimodzi chikathyoka, adzachikonze ndani kuno ku Dedza? Pulasitiki yoteroyo saiwotcherera, saikhoma msomali. Muyenera kuitanitsa china kunja, ndipo nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wakunja inakwera nthawi yomweyo. Chipangizo chimene sitingathe kuchikonza tokha chidzagwira ntchito mpaka tsiku limene chidzathyoke koyamba, kenaka tidzabwerera pa chitseko chokhoma chomwechi. Zakale zija zinafanso chimodzimodzi: zinabwera zabwino, koma panalibe munthu kapena ndalama yozisamalira. Dziwe la timipira lokha ndiye ndikupempha kuti mulisiye. Ana aang'ono amakodzeramo, amasanziramo, ndipo kuti mutsuke timipira mazanamazana kamodzikamodzi pafunika madzi, sopo ndi munthu wa ntchito imeneyo yokha.

Boma lathu lili ndi matabwa. Paini wa m'nkhalango za Dedza ndi Chongoni amapita ku Lilongwe tsiku ndi tsiku ife tikuona. Tili ndi akalipentala, owotcherera zitsulo, matelala, ndi achinyamata amene anaphunzira ntchito zamanja kudzera ku TEVETA koma akusowa pogwira. Mbiya ndi makapu a ku Dedza amadziwika dziko lonse, zosema za ku Mua alendo amachokera kutali kudzaziona. Manja aluso sitikusowa. Makwerero, kanyumba ka masanje, mlatho wotsika woyendapo, timatabwa tomangira nyumba, matebulo aafupi a bawo, zonsezi zingapangidwe konkuno, ndipo wopangayo tidzamudziwa kumene amakhala. Bawuti ikamasuka tidzamuitana, adzabwera pa njinga.

Wina adzati zopanga amisiri athu zimakhala zokhakhala, zimavulaza. Nthawi zina ndi zoona, koma chifukwa chake n'chakuti timangomuuza mmisiri kuti tipangire katungwe, osamupatsa miyezo. Miyezo ya zipangizo za ana ilipo, ndipo si yovuta kuimva. Mpata uliwonse pakati pa matabwa kapena zitsulo uzikhala wochepera masentimita 9 kapena woposa masentimita 23, chifukwa mpata wa pakati pamenepo thupi la mwana limadutsa koma mutu umakanirira, ndipo mwana akhoza kupachikika. Ngozi zambiri pa malo osewerera zimabwera chifukwa cha kugwa, choncho pansi pa chilichonse chokwerapo pasakhale simenti yokha. Paikidwe matiresi olimba okutidwa ndi nsalu yosalowa madzi, yoti n'kupukuta, ndipo matelala athu amene amasoka mipando ya galimoto ntchito imeneyo amaitha. Za ana osakwana zaka zisanu zikhale zazifupi ndipo zikhale mbali yawoyawo, kuti akuluakulu a Sitandade 4 asamawagunde pothamanga. Mitu ya mabawuti ilowe m'kati mwa thabwa, nsonga zonse zipalidwe, pasakhale chingwe cholendewera chimene chingakole khosi. Matabwa akhale ouma bwino ndi otetezedwa ku chiswe, miyendo yake isagunde pansi ponyowa. Penti ikhale yopanda mtovu. Ana amanyambita ndi kuluma chilichonse, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ngakhale utakhala wochepa. Wogulitsa penti asonyeze kuti katundu wake ndi wovomerezeka ndi a Malawi Bureau of Standards. Katungwe amafuna malo aakulu kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye m'chipinda chija sakwanamo bwino; ameneyo amangidwe panja, pa mchenga, kuti ana azikwera masiku a dzuwa.

Miyezo imeneyi ilembedwe pa pepala, mmisiri asaine, ndipo ndalama yomaliza alandire pokhapokha anthu atayendera ntchitoyo ndi tepi m'manja. Pa oyenderawo pakhale wa zaumoyo, wa zosamalira anthu, ndi makolo awiri kapena atatu.

Koma musanalowetse thabwa ngakhale limodzi, konzani denga. Kuika zatsopano pansi pa malata odontha kuli ngati kuthira ufa m'thumba lobooka. Mawindo nawonso akufunika magalasi, chifukwa mphepo ya Juni imalowera pamenepo, komabe asatsekedwe onse, mpweya uziyenda.

Ndipemphenso kuti musadzaze chipinda chonse ndi zipangizo. Siyani pakati poyera. Ana athu ali ndi masewera awo amene safuna ndalama: phada, jingo, fulaye, chitelera, nthano. Pansi pajambulidwe mizere ya phada ndi penti, pakona pakhale mphasa zokhalapo pomvera nthano. Agogo ambiri m'dera lino angakondwe kubwera masana amodzi pa sabata kudzasimbira ana nthano, atapemphedwa mwaulemu. Ndipo anawo afunseni. Itanani gulu la ana Loweruka lina, muwapatse mapepala ndi makala kapena makrayoni, ajambule zimene akufuna. Mudzadabwa kuti zambiri zimene adzajambule n'zotsika mtengo.

Pali ana ena amene chipinda chakale chinawaiwala. Pakhomo pali masitepe atatu aatali, ndipo mwana woyenda pa njinga ya olumala amayenera kunyamulidwa. Mayi wina amabereka mwana wake wa zaka zisanu ndi ziwiri kumbuyo kuti alowe, akalowa n'kupeza kuti palibe chimene mwanayo angachite koma kuonerera anzake. Dziko lino lakhala ndi lamulo loteteza ufulu wa anthu aulumali kuyambira 2012. Pakhomo pamangidwe potsetsereka posaphompha, chitseko chikhale chotakata, ndipo zoseweretsa zina zikhale zoti mwana azifikira atakhala pansi: ng'oma, mabelu, tebulo la mchenga, zinthu zogwira ndi manja zimene ngakhale mwana wosaona angasangalale nazo. Kumbukiraninso ana achialubino. Dzuwa limawaotcha khungu ndipo limawabweretsera khansa, komanso makolo awo amaopa kuwasiya patali chifukwa cha nkhanza zimene dziko lino laona. Kwa iwo malo osewerera okhala ndi denga ndi munthu wowayang'anira ndi ofunika kuposa kwa wina aliyense.

Chimbudzi cha ana ndi posamba m'manja zikhale mbali ya ntchito yomweyi, osati za m'tsogolo. Kolera imene inayamba mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chidebe cha mpopi ndi sopo pakhomo si zodula, koma pafunika wina woonetsetsa kuti madzi alimo tsiku lililonse.

Pa nkhani ya ndalama ndikupempha kuti zonse zikhale poyera. Kaya zichokera ku thumba la chitukuko cha boma, kaya ku thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, kaya kwa akufuna kwabwino, matani pa bolodi la holo kuchuluka kwake, amene apikisana pa ntchitoyo, amene wapambana ndi mtengo wake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma sitikufuna kufika polemba makalata ofunsa zinthu zimene mungathe kungotionetsa. Zitsulo zakale zimene muchotsezo nazonso ndi katundu wa anthu. Zikagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, ndalamayo ilembedwe ndipo ibwerere ku chipinda cha ana.

Chimene chidzasunge chipindachi si ndalama yogulira, koma ndalama yosamalira. Holo imabwerekedwa pa maukwati, zinkhoswe, misonkhano ndi mapemphero. Gwirizanani kuti pa ndalama iliyonse yobwereketsa holo, kagawo kena kazipatulidwa kukhala ka chipinda cha ana, kogulira sopo, penti, mabawuti ndi kulipira mmisiri wobwera kudzayendera zipangizo pakutha pa teremu iliyonse. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, choncho nkhaniyi ilowe mu bajeti isanatsekedwe. Pakhalenso munthu mmodzi wodziwika amene amasunga kiyi, amatsegula nthawi yake, ndipo ali ndi kabuku kolembamo chilichonse chimene chamasuka kapena kuthyoka. Chinthu chikaonongeka, chichotsedwe chokhacho n'kukonzedwa, osati kutseka chipinda chonse.

Za kulipiritsa pakhomo ndikukana. Ndikumvetsa kuti mukufuna poti ndalama zizichokera, koma mwana amene akufunika kwambiri chipinda chimenechi ndi yemwe mayi ake sangakwanitse ngakhale ndalama yochepa tsiku ndi tsiku. Ana a mabanja opeza bwino ali ndi mipanda kwawo, ali ndi zidole, ena amapita nawo ku Lilongwe kumalo olipira. Mukaika mtengo pakhomo, otsalawo adzaima pa zenera kumasuzumira. Ngati banja likufuna kubwereka chipindacho pa phwando la tsiku lobadwa Lamlungu masana, limenelo lilipire, palibe vuto. Masiku ena onse khomo likhale lotseguka kwa mwana aliyense.

Pamene ntchito ikuchitika, ana asangokhala opanda kopita. Holo yaikulu imakhala yopanda anthu masiku ambiri a m'kati mwa sabata. Tiloleni tiziigwiritsa ntchito masana, tidzabwera ndi mphasa zathu, zingwe ndi mipira, ndipo tidzasesa tisanachoke. Alezi ndi makolo takambirana kale zosinthana masiku oyang'anira.

Mafumu athu, inu mawu anu amamveka kumene athu safika. Nkhaniyi itengereni ku makomiti a chitukuko a m'dera (ADC) ndi a m'midzi (VDC). A khansala, ifikitseni ku msonkhano wa khonsolo ndipo mudzatiuze zimene ayankha. A wapampando, tikupempha msonkhano wa makolo, alezi ndi amisiri a m'dera lino musanasaine pangano ndi wogulitsa aliyense, ndipo ukhale Loweruka masana kuti amayi a kumsika athe kubwera. Ife makolo tili okonzeka kututa mchenga, kupala matabwa, kutsuka ndi kupenta makoma popanda malipiro. Tiuzeni tsiku, ndipo mipando ija iyambe yatuluka.

Ine wanu,
Mlezi wa ana komanso kholo,
Dedza